Kubweza galimoto ya ngongole nthawi isanakwane: mmene ndinasiyanirana ndi Ngwazi

Galimoto imene ndinagula mu Novembala 2021 anzanga a kuno ku Coventry, ku England, anaipatsa dzina loti Ngwazi. Inali yakuda, yaitali msinkhu, mipando yachikopa, injini ya petulo ya 2.0, magiya osintha okha. Ndikafika nayo kutchalitchi Lamlungu anthu ankacheuka, ndipo chithunzi chake chitafika kumudzi ku Dedza, amalume anayankha kuti tsopano mwana wathu wakhazikika. Chikomekome cha mkuyu. Ntchito yanga ndi yosamalira okalamba m'nyumba zawo, kutanthauza kuti tsiku lonse ndimangozungulira: Tile Hill, Canley, Earlsdon, kudutsa tauni kupita ku Binley, madzulo mwina mpaka Bedworth. Kuliza injini, kuyenda mphindi zisanu ndi ziwiri, kuzimitsa, kulizanso. Galimoto yaikulu imadana nazo zoterezi. Mu Julayi 2022, petulo atafika pafupifupi £1.91 pa lita, ndinkaima pa pampu n'kumayang'ana manambala akuthamanga ngati mita ya takisi, mtima uli phaphapha.

Ndinaibweza mu Malichi 2024, kutatsala miyezi 32 kuti ngongole ithe, ndipo sindinalipireko miyezi yotsalayo. Lamulo la kuno limalola zimenezi. Koma ndikanaibweza pamene mtima unayamba kundiuza kuti ndibweze, ndikanataya ndalama. Ndiye ndifotokoze mwadongosolo lake, kuyambira pamene ambiri timalumpha.

Choyamba dziwani mmene galimoto yanu ikumwera, osati mmene mukuganizira. Nambala imene imaoneka pa dashibodi imakonda kunyengerera mwini wake, ndipo ya m'kabuku ka kampani inapezedwa poyesa m'nyumba, makamaka pa magalimoto akale amene anayesedwa ndi njira ya NEDC isanabwere ya WLTP mu 2017. Dzazani thanki mpaka pampu itadula yokha, lembani mamailosi, yendani monga mwa masiku onse, dzazaninso, sungani lisiti. Chitani katatu. Galoni ya kuno ndi malita 4.546, choncho gawani malita ndi nambala imeneyi, kenako gawani mamailosi ndi magaloni amene mwapeza. Ngwazi inkandipatsa mamailosi 30 pa galoni. Kwa ife amene tinazolowera kuwerenga monga timachitira kwathu, amenewo ndi makilomita 10 ndi theka pa lita.

Ine ndimayenda mamailosi pafupifupi 15,000 pachaka. Pa mamailosi 30 pa galoni, amenewo ndi magaloni 500, kapena malita 2,273. Nditaika mtengo wa £1.45 pa lita zinakwana £3,296 pachaka. Mnzanga wina wa kuntchito anali ndi Toyota Yaris ya hybrid, yoyendera petulo ndi magetsi, ndipo titawerengera malisiti ake tinapeza mamailosi 55 pa galoni m'misewu yomweyi. Ulendo wanga womwewo ukanadya malita 1,240, ndalama zake £1,798. Kusiyana kwake £1,498 pachaka, tingoti £125 pamwezi. Nambala imeneyi ilembeni pamwamba pa pepala, chifukwa china chilichonse muzichiyeza ndi iyo.

Ndipo musatengere nambala yanga. Mlamu wanga ku Leicester amangoyenda ulendo wa kuntchito, kusukulu kwa ana ndi kokagula zinthu, mamailosi 6,000 pachaka. Atawerengera chimodzimodzi anapeza kuti angapulumutse £50 yokha pamwezi. Ndinamuuza kuti akhale nayo galimoto yakeyo, apope matayala bwino, achotse bokosi la padenga limene amangoyenda nalo chaka chonse lili lopanda kanthu. Ndalama ya £50 imathera mu inshulansi yatsopano musanaione n'komwe.

Tsopano tulutsani pepala la mgwirizano, lija munasaina m'kaofesi ka wogulitsa magalimoto uku mukuganiza za fungo la mipando. Muone kuti ndi mgwirizano wa mtundu wanji, chifukwa khomo lotulukira limene ndikunena lili pa mitundu ina yokha. Ngati ndi Hire Purchase, imene timangoti HP (mumalipira mwezi ndi mwezi, galimoto imakhala yanu mukamaliza), kapena PCP (yofanana ndi HP koma yokhala ndi chindalama chachikulu cha kumapeto), muli m'kati. Ngati munakongola ndalama kubanki n'kukagula nokha galimoto, galimotoyo ndi yanu kale, palibe woti mum'bwezere, mukhoza kungoigulitsa n'kupitiriza kubweza ngongoleyo. Ngati ndi lease, imene ena amati PCH, munangochita lendi, ndipo kutuluka msanga kuli ndi malipiro ake olembedwa mumgwirizanomo. Ndiponso ngati galimoto munaitenga m'dzina la kampani yanu ya limited, lamulo ili silikukutetezani.

Lamulo lake ndi Consumer Credit Act ya 1974. Gawo 99 limati amene ali pa HP akhoza kuthetsa mgwirizano nthawi iliyonse malipiro omaliza asanafike. Gawo 100 limanena zimene muyenera kulipira mukatero: theka la ndalama zonse za mgwirizano, kuphatikizapo miyezi imene munatsalira ngati ilipo, komanso chipukuta misozi ngati galimoto simunaisamale. Dzina lake ndi voluntary termination, ambiri amangoti VT. Pa pepala lanu pali kabokosi kolembedwa kuti Termination: Your Rights, ndipo thekalo analiwerengera kale n'kulilemba pamenepo m'mapaundi. Simufunika kupereka chifukwa. Simufunikanso kupempha chilolezo, mumangodziwitsa.

Pamene anthu amapunthwa ndi pa mawu oti theka. Si theka la miyezi, komanso si theka la mtengo wa galimoto. Ndi theka la zonse pamodzi: dipoziti, ndalama yokongola, chiwongoladzanja chonse cha zaka zonsezo, ndi timalipiro tina. Yanga inali chonchi. Galimoto £13,500, dipoziti £1,000, malipiro £279 pamwezi kwa miyezi 60, kuphatikiza £10 yomaliza. Zonse £17,750. Theka lake £8,875. Dipoziti imawerengedwa ngati ndalama yolipira kale, nchifukwa chake ine ndinayandikira theka pa mwezi wa 28, osati wa 30.

Pa PCP ndiye pali msampha weniweni. Chindalama chachikulu cha kumapeto chija, chimene amati balloon, chimalowanso m'kuwerengera ngakhale kuti simunaganizepo zodzachilipira. Tiyerekeze zonse ndi £24,000, dipoziti £1,000, balloon £8,000, miyezi 48. Pamwezi mukulipira £312.50, koma theka ndi £12,000, ndipo mudzalifika pa mwezi wa 36. Anthu ambiri a PCP akafika pa theka amapeza kuti kwangotsala chaka kapena kucheperapo.

Mukhoza kubweza galimoto musanafike pa theka, bola mulipire chotsalacho. Apa ndi pamene ndinatsala pang'ono kulakwitsa. Mu Seputembala 2023, nditatopa nazo, ndinali nditalipira miyezi 22, kuphatikiza dipoziti £7,138. Kuti ndifike pa theka pankafunika £1,737. Ndinali wokonzeka kukongola kwa abale kuti ndingothana nayo. Mayi a kunyumba ndi amene anandikhazika pansi ndi pensulo. Anati, bambo a Chiko, ndalama imeneyi muilipirabe, kaya lero kaya pang'onopang'ono m'miyezi isanu ndi umodzi ikubwerayi. Mukalipira lero, mwalipirira galimoto imene mulibe, kwinaku mwayambanso kulipira ina. Mukadikira, mafuta owonjezera a miyezi isanu ndi umodziyo ndi £750 basi. Ndinayang'ana pepalalo, ndinasowa chonena. Tinadikira. Pa mwezi wa 28 ndinali nditalipira £8,812, ndipo ndinangowonjezera £63.

Musanalembe kalata, pali funso lina lofunika kuposa onse: kodi galimoto yanu pamsika ikuposa ngongole yotsala? Imbirani kampani ya ngongole mupemphe settlement figure, ndiye kuti ndalama imene mungalipire lero kuti ngongole yonse ithe. Lamulo lomwelo limawakakamiza kukupatsani, ndipo amachotsapo mbali yaikulu ya chiwongoladzanja cha miyezi imene simunafike, ngakhale amaloledwa kusunga cha masiku ofika 58. Kupempha nambalayi sikukumangani pa chilichonse. Kenako funsani mtengo wa galimoto kwa ogula awiri kapena atatu, kuphatikizapo aja a pa intaneti. Ine anandiuza kuti ngongole ithe ndi £7,700, pamene wogula wowolowa manja kwambiri ankapereka £6,400. Ndikanagulitsa ndikanafunika kusakanso £1,300 ya m'thumba. Pa VT dzenje limenelo limakhala la kampani. Koma zikanakhala mosemphanitsa, galimoto n'kukhala ya £9,000, kubweza kukanakhala kupatsa kampani mphatso ya £1,300. Zikatero mumapita nayo kwa wogulitsa magalimoto, iye amalipira kampani mwachindunji n'kukupatsani chotsala. Chimene simungachite ndi kuigulitsa mwakachetechete kwa mnzanu pa Facebook. Mpaka ngongole itatha galimotoyo ndi ya kampani, ngakhale dzina lanu lili pa V5C, pepala la kalembera wa galimoto, ndipo aliyense wochita HPI check, kufufuza ngati galimoto ili ndi ngongole, aona.

Chenjeraninso ndi wogulitsa amene anena kuti musadandaule, titenga yakaleyo, ngongole yake tithana nayo ife. Kawirikawiri amatenga dzenje lija n'kulikwirira mu ngongole yatsopano, inu n'kumalipira chiwongoladzanja pa galimoto imene inapita kalekale.

Pali chinthu chimene chimapweteka, ndipo ndichinene. Ukabweza galimoto pa VT umatuluka chimanjamanja. £8,875 yanga inapita, ndinalibe galimoto, ndinalibe dipoziti. Ndikanapirira miyezi ina 32 ndikanalipira £8,938 n'kukhala ndi galimoto yangayanga, ngakhale yokalamba. Ndiye kuwerengera kwenikweni kuli pa galimoto yolowa m'malo. Ine ndinapeza Yaris ya hybrid ya 2015 pa £7,200. Dipoziti ya £1,200 inachokera ku chipereganyu chathu cha anthu khumi, mwezi umenewo unali wanga, ndipo £6,000 ndinakongola ku credit union, bungwe longa SACCO, £199 pamwezi kwa miyezi 36. Malipiro anatsika ndi £80, mafuta ndi £125, zonse £205 pamwezi. Ndikanatengeka n'kukasaina galimoto yatsopano ya hybrid pa £350 pamwezi, mbali yaikulu ya mafuta opulumutsawo ikanathera kwa wogulitsa, ine n'kumadzitama kuti ndikusunga ndalama. Funsaninso mtengo wa inshulansi ya galimoto imene mukuifunayo musanapereke dipoziti, ndipo kwa ife a ntchito yoyendayenda munene kuti mukufuna ya business use, chifukwa ya wamba siikutetezani pamene mukuchoka kwa wodwala wina kupita kwa wina.

Wina adzakuuzani kuti tengani ya dizilo, imamwa pang'ono. Ndi zoona ngati mumakhalira pa misewu ikuluikulu monga M6 kapena M1. Koma pa timaulendo ta mphindi khumi, sefa ya utsi imene amati DPF siitentha mokwanira kuti idziyeretse, imatsekeka, ndipo makaniko amakulandani zonse zimene munapulumutsa. Komanso dizilo yosafika mlingo wa utsi wa Euro 6 imalipira £8 patsiku ikalowa pakati pa Birmingham, ndi £12.50 ku London konse kuyambira pa 29 Ogasiti 2023.

Galimoto yatsopano ikhale itapezeka musanabweze yakale. Ife ntchito yathu popanda galimoto palibe shifiti.

Kalata yake ndi yaifupi. Lembani m'Chingerezi dzina lanu, adiresi, nambala ya mgwirizano ndi nambala ya galimoto. Nenani kuti mukuthetsa mgwirizano mwa voluntary termination pansi pa section 99 ya Consumer Credit Act 1974, kuyambira tsiku la kalatayo, ndipo apangane nanu za kutenga galimoto. Basi. Ine ndinatumiza pa imelo komanso ku positi ofesi mwa Signed For, lisiti n'kusunga. Musathetse nkhaniyi pa foni pokha. Ndinaimba kamodzi kuti ndifunse adiresi, ndipo mtsikana amene anayankha, mwaulemu wake wonse, anandifunsa kawiri ngati ndikutanthauza voluntary surrender. Mawu awiriwa amamveka ngati mapasa koma ndi mbuzi ndi fisi. Pa surrender mumapereka galimoto, iwo amakaigulitsa ku okushoni pa mtengo uliwonse umene wapezeka, ndipo ngongole yotsalayo imakhalabe pamutu panu. Safunsa anadya phula. Akakutumizirani fomu yawo, werengani mzere uliwonse musanasaine, makamaka poona ngati mawu oti surrender alowamo, kapena ngati mukuvomera kulipira chilichonse chimene adzapeze. Chimene chimathetsa mgwirizano ndi kalata yanu ija.

Ngati munatsalirako mwezi, konzani msanga. Kampani ikayamba ndiyo kuthetsa mgwirizano chifukwa cha kusalipira, ufulu wanu wa VT umakhala utapita. Ndiye ngati zinthu zathina, lembani kalatayo iwo asanakulembereni yawo yomaliza. A Citizens Advice, National Debtline ndi StepChange amathandiza ulere pa zoterezi. Direct debit, imene banki imadulira yokha malipiro a pamwezi, nayonso musaithamangire kuidula. Ine ndinadikira mpaka atandiyankha polemba kuti mgwirizano watha ndipo chotsala ndi £63.

Tsopano za kusamala galimoto, pamene pamabukira mikangano yambiri. Lamulo limangoti reasonable care, kusamala koyenera, osati kuti ibwerere ngati yatsopano. Makampani ambiri amayezera pa kabuku ka bungwe la BVRLA kofotokoza kutha kwa galimoto kovomerezeka, ndipo n'kothandiza kukawerenga tsiku lisanafike. Ndinaitsuka Ngwazi m'kati ndi kunja monga sindinachitirepo, mpaka ndinapeza ndolo ya mayi a kunyumba imene tinaisaka chaka chathunthu. Ndinasonkhanitsa makiyi onse awiri, kabuku ka sevisi, mapepala a MOT (osonyeza kuti galimoto inayesedwa ngati ili yoyenera kuyenda pamsewu) ndi kachitsulo komasulira matayala. Kiyi wachiwiri akasowa amalipiritsa mopweteka. Kenako zithunzi. Mbali zonse zinayi, denga, tayala lililonse, galasi, mipando, buti, mamailosi pa dashibodi, masana kukuwala, ndi kanema woizungulira. Kampani inandipatsa kusankha: kulipira kuti adzaitenge pakhomo kapena kuipititsa ndekha kumalo a okushoni. Ndinaipititsa ndekha, mnzanga akunditsatira pambuyo. Kumeneko ndinajambulanso, ndipo pepala la wolandira ndinaliwerenga lonse, n'kulemba pambali pamene sindinagwirizane napo ndisanasaine, n'kujambula pepalalonso.

Patapita milungu itatu inabwera kalata yofuna £420: zokalika pa chitseko, pa bampala, ndi limu imodzi. Ndinayankha ndi zithunzi zanga, ndinawakumbutsanso kuti galimotoyo ndinaigula ili ndi zaka zinayi, ndipo zokalika za pa bampala zikuoneka ngakhale pa chithunzi chija chinapita ku Dedza tsiku loyamba. Amalume anandithandiza osadziwa. Limu ndinavomera, ndinaikhulitsa ndekha pa msewu wina wopapatiza ku Foleshill. Tinathera pa £95. Akanakana, njira inalipo: kulemba dandaulo, iwo ali ndi milungu isanu ndi itatu yoti ayankhe, ndipo mukapanda kukhutira mumapita ku Financial Ombudsman Service, bungwe loweruza madandaulo a zachuma, pasanathe miyezi isanu ndi umodzi chilandirireni yankho lawo lomaliza. Kumeneko salipiritsa.

A PCP muli ndi mutu wina, wa mamailosi. HP yanga inalibe malire a mamailosi, koma PCP imakhala nawo, ndipo ife oyendayenda timawapyola. Makampani amalipiritsa opyolawo ngakhale pa VT. Ena amakana ponena kuti gawo 100 silitchula mamailosi, ndipo mkangano umenewu ndi wakale, koma ine ndingati werengerani ndalamayo n'kuiika pambali ngati kuti mudzalipira. Mamailosi 8,000 opyola pa 10p iliyonse ndi £800, ndipo imeneyo yokha ikhoza kusintha yankho la masamu anu onse.

Ambiri amaopa za mbiri ya ngongole, makamaka ife amene tinaimanga movutikira kuchokera pa ziro. Pa lipoti langa la Experian, kampani yosunga mbiri za ngongole, mgwirizanowo unaoneka kuti unatsekedwa, wopanda mwezi wotsalira. VT si default, chija chizindikiro choti munalephera kulipira ngongole. Chimene chimaipitsa mbiri ndi kusiya kulipira kalata isanapite, kapena kunyalanyaza bilu ya zowonongeka m'malo moitsutsa polemba. Kampani yomweyo mwina siidzakukondani mukadzabweranso, poti mwaidula phindu, koma obwereketsa ndi ambiri.

Kanthu kena kapambali kwa anzanga a ntchito ya care. Ngati abwana amakupatsani ndalama ya mailosi yochepera pa mlingo wa bungwe la misonkho la HMRC, umene pa nthawiyo unali 45p pa mamailosi 10,000 oyamba ndi 25p pa otsatira, mukhoza kupempha kuti akuchotsereni msonkho pa kusiyanako. Ife ankatipatsa 30p. Ndinakhala zaka ziwiri osadziwa. Ndipo ndalama ya mailosiyo siisintha kaya mukuyendetsa chigalimoto kaya kagalimoto, ndiye pa Yaris imakwanira mafuta n'kutsalako, pamene pa Ngwazi yambiri inkathera pa pampu.

Zotsala ndi zing'onozing'ono koma zili ndi ndalama. Inshulansi isathe mpaka tsiku limene galimoto yachoka m'manja mwanu, ndipo m'malo moithetsa funsani zoisamutsira pa galimoto yatsopano kuti chaka chanu cha no claims, chimene chimatsitsa mtengo kwa osapempha chipukuta misozi, chisaduke. Ngati munagula GAP insurance, yokwaniritsa ndalama yoperewera galimoto ikaphwanyikiratu kapena kubedwa, kapena waranti yowonjezera, alembereni, nthawi zambiri amabweza ya miyezi yotsala. Tsiku lomwelo dziwitsani a DVLA, ofesi yolembetsa magalimoto, pa intaneti kuti galimoto yapita kwa ochita malonda a magalimoto, apo ayi zindapusa za makamera za munthu wina zizibwera pakhomo panu. Mukatero amabweza okha msonkho wa pamsewu wa miyezi yathunthu imene yatsala. Ine ndinali nditalipira £180 ya chaka chonse mu Novembala, ndipo mu Epulo inafika cheke ya £105. Thanki ya Yaris imalowa malita 36. Cheke imeneyo inaidzaza kawiri.